Lipoti la nkhani: shuga wotsika mobwerezabwereza mwa mayi womwa glibenclamide, metformin ndi ma ARV

Lipotili ndi la mayi wa zaka 64 amene tinawagoneka m'wodi ya amayi pa chipatala china cha boma m'chigawo cha kummwera, m'mwezi wa Febuluwale, atakomoka chifukwa cha kutsika kwa shuga m'magazi. Ndalilembera anzanga a ku kiliniki ya matenda osapatsirana, a ku kiliniki ya ma ARV ndiponso a m'mawodi, chifukwa mankhwala onse amene mayiwa ankamwa ndi omwe timapereka tsiku ndi tsiku, koma atakumana m'thupi la munthu wofooka impso amene ankadya kamodzi pa tsiku, anatsala pang'ono kuwachotsa moyo.

Mbiri ya wodwalayo

Mayiwa akhala akumwa ma ARV kwa zaka zoposa khumi. Mu 2019, pamene dziko lathu linkasamutsira anthu ambiri pa 13A, amene ndi piritsi limodzi la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, iwonso anasamutsidwa, ndipo tizilombo ta HIV m'magazi mwawo sitinkaonekanso pa kuyeza kulikonse. Monga ena onse a ku kilinikiyo, ankamwanso piritsi la Bactrim la 960 mg tsiku lililonse.

Patadutsa zaka ziwiri anabwera akudandaula ludzu losatha, kukodza kanayi kapena kasanu usiku uliwonse, ndi kuyabwa kumalo obisika. Shuga anapezeka ali 318 mg/dL, ndipo atayezedwanso m'mawa wina asanadye kanthu anali 204. Nthawi imeneyo ankalemera makilogalamu 68. Anayambitsidwa metformin wa 500 mg kawiri pa tsiku, ndipo mlingowo unakwezedwa pang'onopang'ono mpaka 1000 mg kawiri pa tsiku. Chaka chotsatira shuga anali akadali pamwamba, choncho anawonjezeredwa glibenclamide, poyamba 5 mg m'mawa, kenako 10 mg m'mawa ndi 5 mg madzulo. Magazi awo ankathamanganso, ndipo ankamwa enalapril wa 10 mg.

Kuyambira pamenepo, m'buku lawo la kuchipatala muli mawu amodzimodzi mwezi ndi mwezi, akuti apitirize mankhwala omwewo. Koma moyo wawo sunali womwewo. Amuna awo anamwalira, anatsala ndi zidzukulu zitatu, mbewu sizinachite bwino, ndipo pofika Disembala banjali linkadya nsima kamodzi, madzulo okha. Sikelo ya ku kiliniki ya ma ARV inkaonetsa kuti akutsika, mpaka anafika pa makilogalamu 52, koma manambala amenewa ankalembedwa pa khadi la ma ARV limene limatsala kukilinikiko, ndipo wopereka mankhwala a shuga sankaliona. Pa ulendo womaliza asanakomoke, shuga wa m'mawa anali 74, ndipo wolembayo analemba kuti shuga ali bwino kwambiri. Pa mbiri yonse ya mayiwa, mpata waukulu wopewera ngoziyi unali umenewu. Nambala ya 74 mwa mnyamata womwa metformin yekha ndi yosangalatsa, koma mwa mayi wachikulire amene waonda, amene akumwa glibenclamide wa 15 mg m'nyengo ya njala, ndi chenjezo loti mankhwala amuchulukira. Mwana wawo wamkazi anatiuza pambuyo pake kuti kwa masabata angapo amayi ake ankadzuka atanyowa thukuta, manja akunjenjemera, akukalipira ana popanda chifukwa, ndipo akamwa tiyi wa shuga ankabwerera mwakale. Palibe amene anawafunsa za zimenezi, ndipo iwo sanaganize kuti n'zokhudza chipatala.

Tsiku limene anabwera

Masiku atatu asanabwere anayamba kutsekula m'mimba, ndipo sankafuna chakudya. M'mawa wa tsiku lachitatu anawapeza pamphasa osayankhula, dovu likutuluka, mkono ndi mwendo wakumanja zili lendee. Pa chipatala chaching'ono cha kwawo anawayeza malungo osawapeza, timapepala ta makina oyezera shuga tinali titatha, ndipo anawatumiza kwa ife ndi kalata yonena kuti akuganizira sitiroko.

Atafika ankangobuula akatsinidwa, khungu linali lozizira ndi lonyowa, lilime louma, magazi akuthamanga pa 104/62, ndipo thupi silinkatentha. Namwino wa pa khomo anawayeza shuga asanachite china chilichonse, napeza 31 mg/dL. Tinawabaya mamililita 50 a dextrose (madzi a shuga) wa 50% mumtsempha, ndipo mphindi khumi zisanathe anatsegula maso, natchula dzina la mwana wawo, nakweza mkono umene unali wakufa uja. Shuga anakwera kufika 168. Ubongo sumasunga shuga wakewake, umadalira amene akubwera ndi magazi mphindi iliyonse, ndipo akachepa, zizindikiro zake zikhoza kufanana kwathunthu ndi sitiroko, ngakhale kufa kwa ziwalo za mbali imodzi. Wodwala aliyense wobwera ndi kalata ya sitiroko ayenera kuyezedwa shuga pa khomo, ndipo kumene kulibe timapepala, munthu wodziwika kuti amamwa mankhwala a shuga apatsidwe dextrose asanakwezedwe mu ambulansi.

Nditafunsa mwana wawo ngati amayi ake anasiya mankhwala pamene anasiya kudya, anayankha mwaulemu, ngati munthu amene akudziteteza: "Ayi adokotala, amayi sanadumphitsepo. Anatiuza kuti mankhwala sadumphitsa, ndiye ngakhale asadye ndimawamwetsa ndithu." Uthenga umene kiliniki ya ma ARV inakhomereza bwino kwa zaka khumi unagwiritsidwa ntchito pa mapiritsi onse a m'kathumba kawo, ndipo m'kathumbamo tinapezamonso Brufen wogula ku golosale, amene ankamwa pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha maondo.

Chifukwa chimene sitinawatulutse

Abale ataona kuti wodwala wadzuka anapempha kuti abwerere kumudzi tsiku lomwelo, ndipo m'wodi munalibe bedi lopanda munthu. Tinakana, ndipo chifukwa chake chili m'kagwiridwe ntchito ka glibenclamide.

M'kapamba muli maselo otchedwa beta amene amapanga insulini. Mwa munthu wabwinobwino, shuga akalowa m'maselowa, timakomo totulutsira potaziyamu timatsekeka, kashiamu amalowa, ndipo insulini amatulutsidwa kupita m'magazi. Shuga akatsika, timakomo tija timatsegukanso ndipo insulini amaleka kutuluka. Glibenclamide, pamodzi ndi anzake a m'gulu la sulfonylurea, amamatirira pa timakomoti n'kutitseka yekha, osayang'ana kuti m'magazi muli shuga wochuluka bwanji. Ali ngati munthu amene watsegula mpopi n'kuchokapo, madzi n'kumatayika chidebe chitadzaza kale. Munthu adye kapena asadye, insulini amatuluka basi. Chachiwiri, chiwindi chikaphwanya glibenclamide, zotsalira zake zimakhalabe ndi mphamvu yotsitsa shuga, ndipo pafupifupi theka la zotsalirazo limachotsedwa ndi impso. Impso zikafooka, mphamvuyo imakhalitsa m'thupi kwa masiku. Chachitatu, dextrose wochuluka wobayidwa nthawi imodzi amachititsa kapamba amene ali kale pa mphamvu ya mankhwalawa kutulutsa insulini wina wambiri, kotero kuti shuga amakwera msanga n'kugwanso.

N'zimene zinachitikadi. Patapita maola anayi anayambanso kubwebweta, ndipo shuga anali 42. Pakati pa usiku anali 49. Tinaika diripi ya dextrose wa 10% yoyenda mosalekeza, ndipo popeza ku famase kunalibe matumba a mlingo umenewu, tinachotsa mamililita 100 m'thumba la lita imodzi la dextrose wa 5% n'kuikamo mamililita 100 a dextrose wa 50%, zimene zimapereka pafupifupi 10%. Shuga tinkamuyeza ola lililonse usiku woyamba, kenako maola awiri alionse. Tinapempha wodikirira kuti aziwapatsa phala pang'onopang'ono usana ndi usiku, ndipo madzi otayika ndi kutsekula m'mimba tinawabwezera ndi Thanzi ORS komanso diripi ina. Diripi ya dextrose tinaichotsa pa tsiku lachitatu, shuga atakhala pamwamba pa 100 kwa maola opitirira khumi ndi awiri.

Zimene magazi anaonetsa

Creatinine, chinthu cha m'magazi chimene chimachuluka impso zikafooka, anali 2.1 mg/dL. Titawerengera ndi njira ya Cockcroft-Gault, potengera zaka zawo, kulemera kwawo ndiponso kuti ndi mayi, impso zawo zinkasefa pafupifupi mamililita 22 pa mphindi. M'mabuku awo onse munalibe creatinine wina wofanizira naye. Mumkodzo munali mapuloteni. Chifukwa cha kuonda tinayeza makhololo ndi makina a GeneXpert oyezera TB komanso kujambula m'chifuwa, ndipo TB sanapezeke.

Zinthu zingapo zinkapanikiza impsozi nthawi imodzi. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimawononga timitsempha tosefera pang'onopang'ono, tenofovir akhoza kuvulaza timachubu ta impso, ndipo Brufen ndi enalapril akakumana mwa munthu amene madzi amuthera m'thupi amachepetsa magazi osefedwa kuchokera mbali zonse ziwiri, wina pa mtsempha wolowa, wina pa wotuluka. Tiyenera kukumbukiranso kuti dolutegravir, ngakhalenso trimethoprim wa mu Bactrim, amakweza creatinine pang'ono popanda kuwononga impso, chifukwa amangotchinga njira imene creatinine amatulukira. Koma kukwera kotereku kumakhala kochepa, ndipo sikungafotokoze 2.1.

Bactrim ali ndi mbali yake pa kutsika kwa shugaku. Sulfamethoxazole, amene ndi mmodzi mwa mankhwala awiri a mu Bactrim, ndi wachibale wa sulfonylurea. Ubale umenewu ndi umene unabala ma sulfonylurea: mu 1942, ku Montpellier m'dziko la France, Marcel Janbon anaona kuti odwala taifodi amene ankawapatsa mtundu wina wa sulfonamide ankatsika shuga koopsa, ndipo kafukufuku wa Auguste Loubatières anatsimikiza kuti mankhwalawo ankachititsa kapamba kutulutsa insulini. Sulfamethoxazole amachedwetsanso chiwindi kuphwanya glibenclamide. Kuno kwathu, kumene pafupifupi aliyense wa pa ma ARV amamwa Bactrim moyo wake wonse, mankhwala awiriwa amakumana kawirikawiri, ndipo pamene impso zili bwino nthawi zambiri sitiona vuto, mpaka tsiku limene zafooka.

Za metformin

Anzanga ena m'wodi ankaganiza kuti mankhwala onse awiri a shuga ndi amene anagwetsa mayiwa. Si choncho kwenikweni. Metformin sakakamiza kapamba kutulutsa insulini. Ntchito yake yaikulu ili m'chiwindi, chimene usiku ndiponso pakati pa chakudya chimapanga shuga watsopano n'kumuthira m'magazi, ndipo mwa wodwala shuga wa mtundu wachiwiri chimachita zimenezi mopitirira muyeso. Metformin amachepetsa kupangaku, ndipo amathandizanso minofu kumva insulini amene alipo kale. N'chifukwa chake akamamwedwa yekha sagwetsa shuga kufika pokomola munthu, sanenepetsa, ndipo akadali mankhwala oyambira kuchokera pamene kafukufuku wa UKPDS wa ku Britain anaonetsa ubwino wake mu 1998. Komabe pamene glibenclamide wagwetsa kale shuga, chiwindi chomangidwa manja ndi metformin, mwa munthu amene sanadye masiku atatu, sichingathe kupulumutsa mwini wake msanga.

Kuopsa kwa metformin mwa mayiwa kunali kwina. Thupi siliphwanya mankhwalawa, amatuluka mumkodzo momwe analowera, choncho impso zikafooka amaunjikana ndipo akhoza kuchulukitsa asidi wa lactate m'magazi, vuto losowa koma lakupha. Saloledwa ngati impso zikusefa pansi pa mamililita 30 pa mphindi, ndipo pakati pa 30 ndi 45 mlingo umachepetsedwa, komanso kumuyambitsa kumene sikulimbikitsidwa. Pamwamba pa izo, dolutegravir amatchinga njira yotchedwa OCT2 imene impso zimatulutsira metformin, ndipo amakweza kuchuluka kwake m'magazi ndi pafupifupi 80%. Malangizo amati munthu wa pa dolutegravir asapitirire 1000 mg ya metformin pa tsiku pokhapokha akuyang'aniridwa mwatcheru. Mayiwa ankamwa 2000 mg. Mwamwayi sankapuma mozama ndi mwaphuma monga amachitira munthu amene asidi wamuchulukira, koma tinawasiyitsa tsiku lomwelo.

Zimene tinasankha

Glibenclamide tinamuchotseratu, ndipo tinalemba ndi zilembo zikuluzikulu pa tsamba loyamba la buku lawo kuti asadzapatsidwenso. Mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la WHO unanena kale mu 2013 kuti glibenclamide sayenera anthu opitirira zaka 60, ndipo unaika gliclazide m'malo mwake. Enalapril ndi Bactrim tinaziimika kaye, ndipo Brufen tinamulowetsa m'malo ndi Panado. Titakambirana ndi a ku kiliniki ya ma ARV, ndipo titatsimikiza kuti alibe hepatitis B, amene akanatha kuyaka tenofovir atachotsedwa, tinawasamutsira pa 15A, wa abacavir, lamivudine ndi dolutegravir.

Pofika tsiku lachisanu mphamvu ya mapiritsi inali itatha, ndipo shuga anayamba kuyenda pakati pa 230 ndi 280. Creatinine anatsika kufika 1.5, kutanthauza kusefa kwa pafupifupi 31. Funso linali lakuti tiwapatse chiyani tsopano, ndipo sitinagwirizane msanga.

Gliclazide akanakhala wabwinoko, chifukwa zotsalira zake zilibe mphamvu yotsitsa shuga, koma ku famase kwathu kunalibe, ndipo banja losowa ufa silikanatha kumugula mwezi ndi mwezi m'tauni. Komanso iyeyu ndi sulfonylurea ndithu, ndipo angagwetse munthu wosadya. Empagliflozin, amene WHO inamuika pa mndandanda wake mu 2021, amatchinga impso kubweza shuga m'magazi kotero kuti shugayo amatayika mumkodzo, ndipo amateteza impso ndi mtima. Koma mphamvu yake yotsitsa shuga imachepa impso zikafooka, amataya madzi ndi kuondetsa munthu, amabweretsa kuyabwa kumalo obisika, ndipo mtengo wake sakanaukwanitsa.

Kunatsala insulini. Wina anafunsa, ndipo linali funso loyenera, kuti tingapereke bwanji insulini kwa munthu amene wangopulumuka kumene ku shuga wotsika. Yankho langa linali lakuti ubwino wa insulini uli pa mlingo umene tingausinthe pang'onopang'ono, ndipo ngati munthu sakudya tsiku limenelo tingauchepetse, pamene glibenclamide mwa munthu wofooka impso akalowa walowa kwa masiku. Tinasankha insulini wa mtundu wa isophane, wamaonekedwe a mkaka uja, amene amayamba kugwira ntchito pakatha ola limodzi kapena awiri, n'kufika pachimake pakati pa maola anayi ndi khumi ndi awiri. Tinayamba ndi mayunitsi 8 okha, kamodzi pa tsiku, pokumbukira kuti impso zimachotsanso insulini, choncho zikafooka amakhalitsa. Ambiri amabaya isophane pogona, koma ife tinasankha m'mawa, kuti mphamvu yake yaikulu izifika masana pamene pali anthu owaona, osati usiku ali okha ndi tiana. Izi zinafuna kuti chakudya chochepa chomwecho chigawidwe: phala la mgaiwa m'mawa, kanthu kena masana, nsima madzulo. Mwana wawo anavomera kuti amayi ake akakhale kwa iye mpaka nthawi yokolola.

Cholinga chathu tinachimasulanso. Sitinafunenso shuga wa m'mawa wa pansi pa 100, koma wa pakati pa 110 ndi 180, chifukwa phindu la shuga wotsikitsitsa limaoneka patapita zaka zambiri, pamene kukomoka kumodzi kukhoza kupha munthu usiku womwewo kapena kumusiya ndi ubongo wowonongeka.

Namwino anakhala nawo masiku awiri akuwaphunzitsa. Mayiwa ankaopa singano, ndipo ankakhulupirira, monga ambiri, kuti wobayidwa insulini ndiye kuti wafika kumapeto. Namwinoyo anawauza kuti: "Agogo, jakisoniyu si chilango. Ndi madzi omwewo amene thupi lanu limapanga, tangowonjezera pang'ono." Mwana wawo anaphunzira kugubuduza botolo m'manja mpaka mankhwala asakanikirane, kukoka mpaka pa mzere wa 8 umene tinauika chizindikiro ndi pulasitala, ndi kusinthasintha malo obaya pamimba ndi pantchafu. Popeza kwawo kulibe firiji, botolo limasungidwa m'kachitini kotseka bwino, koikidwa mumtsuko wa mchenga wonyowa pamthunzi, ndipo likatsegulidwa limagwiritsidwa ntchito kwa mwezi umodzi wokha. Tinawapatsa malamulo awiri olembedwa m'Chichewa m'buku lawo: akamva thukuta, kunjenjemera kapena njala yadzidzidzi amwe masipuni atatu a shuga m'madzi kenako adye, ndipo akatsekula m'mimba, akasanza kapena akalephera kudya apitirize ma ARV, abaye theka la insulini, ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo. Tinawapempha kuti kapaketi ka shugako kakhale kosiyana ndi ka tiyi, kuti kasathe.

Zimene zinatsatira

Anatuluka pa tsiku lachisanu ndi chitatu akuyenda okha. Patatha masabata asanu ndi limodzi creatinine anali 1.3, ndipo atayezedwanso patatha miyezi itatu sanasinthe, kutanthauza kusefa kwa pafupifupi 37. Gawo la kuwonongeka limene linadza ndi kutha kwa madzi ndi Brufen linabwerera, koma lotsalalo ndi lokhalitsa. Pa chifukwa chimenechi, komanso poti akadali pa dolutegravir, metformin sitinamubwezere. Bactrim anabwezeredwa, poyamba theka la piritsi, ndipo enalapril anayambidwanso pa 5 mg chifukwa cha mapuloteni a mumkodzo, creatinine ndi potaziyamu n'kuyezedwa patatha masabata awiri.

Shuga anawatsikapo kamodzi, ali kumunda, atabaya insulini n'kunyamuka osadya phala. Anazindikira okha, namwa shuga uja, ndipo sanafunikire chipatala. Mu Epulo, chimanga chachiwisi, maungu ndi mbatata zitapezeka, shuga wa m'mawa anakwera kupitirira 200, ndipo tinakweza insulini kufika mayunitsi 10, kenako 12. Patatha miyezi isanu ndi umodzi ankalemera makilogalamu 56, HbA1c, muyeso wosonyeza mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu, anali 7.9%, ndipo tizilombo sitinkaonekabe m'magazi.

Nkhani yawo itakambidwa pa msonkhano wa m'mawa, makiliniki awiriwa anagwirizana kuti wodwala shuga aliyense amene ali pa ma ARV azionedwa tsiku limodzi, kulemera kwake kuzilembedwa m'buku limene amayenda nalo, creatinine aziyezedwa kamodzi pa chaka, ndipo aliyense wa pa glibenclamide azifunsidwa mwachindunji kuti akudya kangati pa tsiku komanso ngati amadzuka ndi thukuta. Tinayambanso kufufuza m'kaundula onse opitirira zaka 60 amene akumwa glibenclamide, ndi onse a pa dolutegravir amene metformin wawo akupitirira 1000 mg. Mayiwa tawalembera kuti adzabwere kumayambiriro kwa Disembala, chakudya chisanayambe kusowa, kuti tidzaone nkhokwe yawo ili bwanji ndi kutsitsa insulini ngati kudya kwachepa.